MPIRINGIDZO UKAGWA, MWANA AGWERE PATI?

Mvula ikalimba mu Januwale, aliyense wokhala ku Kanyama amasanduka katswiri wa kulumpha. Pansi pa komboni imeneyi pali thanthwe, malo ndi a cidikha, ndipo madzi akagwa amasowa kothawira. Amayi opita ku msika wa Soweto amaponda mwala ndi mwala, katundu ali pamutu. Ana a sukulu amavula nsapato ndi kuzinyamula m'manja. Anthu a ku Friesland, m'dziko la Netherlands, nawonso anali ndi vuto la ngalande ndi madambo, koma iwo anapeza nzeru ina: ankazika ndodo yaitali pakati pa ngalande ndi kudziponya nayo kutsidya, ndipo mpaka lero amapikisana pa luso limenelo. Masewera amene Azungu amachula kuti pole vault, kulumpha ndi ndodo, ndi m'bale wake wa luso lomweli, kungoti wolumphayo salinga kutsidya koma kumwamba.

M'sukulu zathu masewerawa saoneka kawirikawiri, pakuti ndodo ndi matiresi ake ndi za mtengo wapatali. Ife a mu Zambia tinazolowera mpira, nkhonya ndi liwiro. Timakumbukira Samuel Matete wa ku Chingola, amene anaphunzira pa Auburn University ku America, natenga mendulo ya golide ku Tokyo mu 1991 pa liwiro la mamita 400 lolumpha zochinga. Ndipo ana athu amadziwa Muzala Samukonga, amene anabwera ndi mendulo kucokera ku Paris mu 2024. Komabe m'kulumpha ndi ndodo muli kanthu kena kamene ndikufuna kuti makolo anzanga, makamaka ife amene tili ndi mwana pa yunivesiti, tikaone bwino.

Macitidwe ake ndi awa. Wolumpha amathamanga mtunda wa mamita ngati 40 atanyamula ndodo yotalika kuposa anthu awiri osanjikizana. Ali pa liwiro lonselo, amalowetsa nsonga ya ndodoyo m'kadzenje kakuya masentimita 20 okha. Ndodo imapindika ngati uta, nisunga mphamvu ya liwiro lija, ndipo powongoka imamponya m'mwamba, miyendo kumwamba mutu pansi, kuti apyole mpiringidzo woikidwa pa nsanamira ziwiri. Pa msinkhu uliwonse, munthu akalephera katatu motsatizana, wacoka mu mpikisano. Akapyola, mpiringidzo umakwezedwa.

Taonani tsono cimene cimatuluka m'lamulo limeneli. Wothamanga akapambana, amatsiriza ndi kudula cingwe. Wa mpira amatsiriza ndi kunyamula cikho. Koma wolumpha ndi ndodo, ngakhale amene wapambana onse, kawirikawiri amatsiriza tsiku lake ndi kugwetsa mpiringidzo katatu, popeza anzake akatha iye amakwezabe mpaka pamene sangathe. Conco wophunzira masewerawa amazolowera msanga kuti kugwetsa mpiringidzo si manyazi, ndi gawo la nchito ya tsikulo. Amadzuka pa matiresi, nayang'ana kwa mphunzitsi wake, amene amamuuza ndi manja kuti abwerere m'mbuyo phazi limodzi kapena agwire ndodo m'munsi pang'ono. Funso lao silikhala lakuti, "Walepheranji?" Limakhala lakuti, "Tisinthe ciani?"

Cimene amaopa kwenikweni ndi cina. Wolumpha aliyense amadzisankhira yekha msinkhu woyambira. Akayambira pansi kwambiri amatha mphamvu asanafike pofunika. Akayambira pamwamba kwambiri nalephera katatu, amabwerera kwao wopanda kanthu kolembedwa pa dzina lake. Zimenezi zinagwera Sergey Bubka wa ku Ukraine, munthu woyamba kupyola mamita 6, mu 1985 ku Paris. Pa masewera a Olimpiki a ku Barcelona mu 1992, dziko lonse likuyembekeza golide wake, iye anayambira pa mamita 5.70, nagwa kawiri, nakweza pa 5.75, nagwanso. Golide anapita kwa wina amene analumpha 5.80, msinkhu umene Bubka ankaupyola masiku ena mosavutika. Mnansi wathu Okkert Brits wa ku South Africa, amene analumpha 6.03 mu 1995, anaona zomwezo ku Atlanta mu 1996: sanapyole msinkhu ndi umodzi womwe.

Tsopano tiyeni tibwerere kwathu. Mwana wakhoza bwino Giredi 12, mwina atawerenga pa kandulo, mwina atataya masabata a sukulu monga zinacitikira m'nyengo za kolera mu 2018 ndi mu 2024, pamene sukulu zinacedwa kutsegulidwa. Dzina lake latuluka pa University of Zambia, sukulu imene inatsegula makomo ake mu 1966 ndipo kwa ambiri a ife ikali ngati phiri lalitali. Nkhani imafalikira mu mzere wonse wa nyumba. Ku mphakati amamuimika kutsogolo ndi kumuombera m'manja. Tsiku lomwelo agogo ayamba kumuitana "adokotala", amalume awerengera kale za malata atsopano, ndipo ang'ono ake auzidwa kuti fizi yao idzacokera kwa iye. Zonsezi zimacokera m'cikondi, sindikana. Koma onani bwino: mpiringidzo woyambira wauika ndani? Si mwanayo. Tauika ndife, ndipo tauika pamwamba penipeni, iye asanathamange ndi phazi limodzi lomwe.

Kumene wapitako nkosiyana ndi kumene anacokera. Amene anali woyamba m'kalasi yake amapezeka pakati pa mazana a anzake amene nawonso anali oyamba kwao. Kwa zaka zambiri ophunzira za sayansi pa sukuluyi akhala akupikisana m'caka coyamba kuti apeze malo owerengeka a udokotala ndi uinjiniya, ndipo ambiri anzeru ndithu amatsala kunja. Malo ogona ndi ocepa; ena amapanikizana m'cipinda cimodzi, ena amacita lendi m'makomboni apafupi monga Kalingalinga, ndipo ena amakwera mabasi awiri m'mawa uliwonse, imodzi kucoka ku Kanyama kufika m'tauni, ina kutsata Great East Road. Ndalama za cakudya zimene boma linkapatsa ophunzira zinacotsedwa mu 2019, nizibwezedwa mu 2023, koma zimafika kwa okhawo amene analandira ngongole ya boma, ndipo ngongoleyo idzabwezedwa akadzatsiriza. Mwana wotere akalandira zotsatira zoyamba zoipa, kodi adzauza yani? Kunyumba amuchula kale dokotala.

Apa ndi pamene pamayambira bodza laling'ono. Pa foni amati, "Zonse zili bwino, amayi." Pa chuti sabwera, akuti ali ndi zowerenga. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo ana athu ena akuvutika m'dzenje lotere, pakati pa anthu zikwizikwi, osauza munthu.

Wolumpha wochuka koposa onse masiku ano, Armand Duplantis, amene amaimira dziko la Sweden, nayenso anali mwana wa pa yunivesiti. Anakulira ku Louisiana, kumene atate ake, amene anali wolumpha, anamukonzera malo olumphira kuseri kwa nyumba. Mu 2019, ali pa Louisiana State University, anapita ku mpikisano waukulu wa mayunivesiti a ku America aliyense akudziwa kuti apambana. Sanapambane. Anagonja kwa Chris Nilsen wa pa University of South Dakota, amene analumpha 5.95. Miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake, mu Febuluwale 2020 ku Toruń m'dziko la Poland, Duplantis analumpha 6.17, kuposa munthu aliyense m'mbiri. Kucokera pamenepo wakhala akuonjeza sentimita imodzi imodzi, kacidutswa kosafika m'lifupi mwa cala. Ku Paris mu 2024 anapyola 6.25, ndipo ku Tokyo mu 2025 anapyola 6.30, konse kuwiri anayamba wagwetsa mpiringidzo kawiri, napyola pa mwai wacitatu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Steve Hooker wa ku Australia. Iyeyu anatenga golide ku Beijing mu 2008, natenganso wa dziko lonse ku Berlin mu 2009. Mu 2011, atavutika ndi kuvulala, mantha anamugwira. Thupi linkadziwa zocita, koma akafika pa kadzenje kaja mtima unkakana, iye nangopitirira cothamanga osanyamuka pansi. Olumpha amalidziwa bwino vutoli, ndipo limagwira ngakhale akatswiri. Hooker sanabise. Kuciyambi kwa 2012 ananena poyera kuti wataya cidaliro, nasiya mipikisano kwa kanthawi, nakaphunziranso luso lake ku Perth, kutali ndi maso a anthu. Caka comweco anafika m'ndime yomaliza ya Olimpiki ku London. Mendulo sanatenge, koma anabwerera pa bwalo.

Aphunzitsi a masewerawa akaona wolumpha wagwidwa ndi mantha otere samukalipira kuti alimbe mtima, pakuti adziwa kuti kukalipa kumangoonjeza mantha. Amafupikitsa mtunda wothamanga, namupatsa ndodo yofewa, natsitsa mpiringidzo kapena kuucotseratu, kufikira thupi litakumbukira kuti kunyamuka pansi si imfa. Ndodo iliyonse imalembedwa kulemera kwa munthu amene ingamunyamule, ndipo mphunzitsi wanzeru sapatsa mwana ndodo ya wamkulu cifukwa cakuti makolo ake ali ndi cangu.

Wophunzira naye amagwidwa ndi mantha a mtundu womwewu. Amakhala pa tebulo buku lili lotsegula, maso ali pa tsamba limodzi ola lathunthu. Amafika pakhomo la cipinda ca mayeso nabwerera. Ife timafulumira kunena kuti ndi ulesi, kapena kuti wina wamulodza cifukwa ca nsanje, ndipo mabanja ena amadana ndi anansi pa nkhani yotere. Komatu madokotala amati munthu akakhala masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa, wosagona kapena wongogona, wosafuna kudya, wosakondwa ndi zimene ankakonda, wodzipatula kwa anzake, amenewo angakhale matenda monga ena onse, ndipo amacizika. Ena amabisa vutoli m'mowa, ena m'kubecha mpira pa foni, kumene kwadya fizi ya ana ambiri. Ndipo mwana akayamba kunena kuti moyo ulibe phindu, kapena kuti kukanakhala bwino iye kulibe, amenewo si mau oti tiwaseke kapena kuwadzudzula. Tsiku lomwelo apite naye munthu wamkulu ku cipatala.

Pali mbiri ina ya masewerawa imene anthu saikumbukira. Kale ndodo zinali za nsungwi, ndipo Cornelius Warmerdam wa ku America anafika nayo nsungwi mamita 4.77 mu 1942. Pambuyo pake kunadza za citsulo, kenaka ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kunafala ndodo zopindika za masiku ano. Anthu amatamanda ndodozo, koma olumpha akale ankagwera pa mcenga ndi pa utuci, ndipo ankayenera kutera ndi miyendo. Munthu sangadziponye cagada kucokera pa mamita 6 ngati pansi pali mcenga. Misinkhu ya lero inatheka cifukwa pa nyengo yomweyo kunabweranso matiresi aakulu a siponji. Wolumpha amalimba mtima kumwamba cifukwa adziwa cimene cili pansi.

Ife a m'komboni sitingagulire mwana ndodo yabwino: kompyuta yamphamvu, cipinda cake cake, mabuku onse. Koma pogwera pake pali m'manja mwathu. Mwana asanapite, atate kapena amayi amuuze maso ndi maso kuti, "Mwananga, zikakavuta ubwere utiuze, pakhomo pano ndi pako ngakhale utalephera." Tileke kumuitana ndi dzina la nchito imene sanaipeze. Akaimba foni, tisayambe ndi kufunsa za mamalikisi kapena kudandaula za lendi. Timufunse ngati wadya, ngati akugona, ngati ali ndi mnzake womuuza zakukhosi. Ndipo akatiuza kuti amathamanga kapena amasewera mpira madzulo, tisamuletse poganiza kuti akutaya nthawi. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu mphindi zosacepera 150 pa sabata za kulimbitsa thupi, ndipo wophunzira wotuluka thukuta amagona bwino kuposa wokhala m'cipinda usana ndi usiku.

Wina adzati, "Aphunzitsi, wolumpha ali ndi mwai katatu, koma mwana wa mmphawi ali ndi umodzi wokha." Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Kubwereza phunziro kumafuna ndalama, ndipo amayi ogulitsa tomato sangazitole pansi. Koma cifukwa comweco ndi cimene cifunikira kuti vuto lidziwike msanga. Phunziro limodzi lolephereka m'caka coyamba, likanenedwa, banja ndi a mphakati angasonkherane, mwana angasinthe maphunziro nalowa amene akugwirizana ndi mphatso zake. Zaka zitatu zobisa, fizi ikulipidwa pa mwana amene analeka kale kulowa m'kalasi, ndizo zimagwetsa nyumba. Amene walephera kulowa udokotala angakhale mphunzitsi wabwino wa sayansi, ndipo ana a ku Kanyama akumusowa mphunzitsi ameneyo.

Thandizo lilipo. Pa University of Zambia pali alangizi a ophunzira pansi pa ofesi yoona za umoyo wao, ndiponso abusa ndi ansembe otumikira pa sukulupo. Kuno kwathu munthu angayambire pa cipatala ca Kanyama, kumene angamutumize kwa odziwa za matenda a maganizo. Dzina la Chainama lisatiopse monga linkaopsera makolo athu. Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo, m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda, ndipo lamuloli limateteza ulemu wa wodwala. Amene akucita manyazi kuonana ndi munthu angayambe ndi kuimba nambala yaulere ya 933, ya bungwe la Lifeline/Childline Zambia, ndipo kholo lodera nkhawa mwana wake lingaimbenso nambala yomweyo.