Chotupa cha Paphewa: Tisachifinye, Tisachiteme

Ambiri mwa ife kuno kunyanja timanyamulira paphewa nkhafi, ukonde ndi katundu wina. Tsono chotupa chikamera pamenepo n'kuyamba kupweteka, ntchito imaima ndipo tulo timasowa. Chizolowezi chathu n'kuthamangira lezala kapena kupempha m'bale kuti atifinye. Abale ndi alongo, apa ndi pamene timalakwitsa.

Kawirikawiri chotupa chotere chimakhala kathumba ka pansi pa khungu, kodzaza ndi zinthu zoyera zonunkha zochokera ku khungu lomwelo. Tikafinya, kathumbako kamaphulikira m'kati, ndipo malowo amatentha, kutupiratu ndi kuchita mafinya. Lezala nayenso amalowetsa tizilombo, makamaka ngati wina anamugwiritsapo kale ntchito.

Kunyumba tizithowa ndi kansalu kaukhondo koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15, katatu pa tsiku, ndipo tisanyamulirepo katundu. Kuchipatala amabaya jekeseni wa dzanzi n'kutulutsa mafinya. Kutupa kukaphwa amachotsa kathumba konse, pakuti kakatsalira chotupacho chimabwereranso.

Tisazengereze kupita kuchipatala ngati thupi latentha, ngati chotupa chikukula msanga kapena n'cholimba chosasuntha, komanso ngati wodwalayo ali ndi matenda a shuga. Tisaiwale kuti phewa limeneli ndi lomwe likudyetsa banja.