GALIMOTO YA 1955 IMENE INAGULIDWA NDI NDALAMA ZOPOSA K2 BILIYONI

Pa 5 Meyi m'caka ca 2022, mu mzinda wa Stuttgart ku Germany munacitika malonda amene anadabwitsa ngakhale anthu ozolowera kugwira ndalama zambiri. Galimoto imodzi yopangidwa mu 1955, ya mipando iwiri yokha, yosakhoza kunyamula ngakhale matumba awiri a cimanga, inagulidwa pa mtengo wa mayuro 135 miliyoni. M'ndalama za Zambia, monga momwe Kwacha inalili pa nthawi imeneyo, mtengowu unapitirira K2 biliyoni. Kufikira tsiku limenelo panalibe galimoto ina imene inagulidwapo ndi ndalama zotere.

Malondawo anali a okushoni, monga muja agulitsira fodya: wochula mtengo wapamwamba ndiye atenga katundu. Koma sanali a munthu aliyense iai. Kampani ya Mercedes-Benz, imene inali mwini wace wa galimotoyo, inaitana anthu owerengeka cabe ku nyumba yace yosungiramo magalimoto akale, ndipo oyendetsa malonda anali a RM Sotheby's. Amene anachula mtengo wotsiriza anali a Simon Kidston, Mngerezi wocita malonda a magalimoto akale, koma anali kuimira munthu wina amene sanafune kuti dzina lace limveke.

Mlimi aliyense adziwa kuti galimoto ili ngati ng'ombe yapagoli: ikakalamba mtengo wace utsika, ndipo potsiriza ikhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Nanga iyi inalekana bwanji ndi zinzace?

Dzina lace ndi Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé, ndipo mbiri yace iyambira pa mijaho. M'caka ca 1955 kampaniyo inapanga magalimoto ocepa a mtundu wa 300 SLR kuti akapikisane pa liwiro. Injini yace inali ya masilinda 8, ya mphamvu ya akavalo ngati 300 monga amawerengera amisiri, pamene thirakita ya Massey Ferguson 135, imene alimi ambiri aidziwa, mphamvu yace sifika akavalo 50. M'mwezi wa Meyi caka comweco, Stirling Moss wa ku Britain anapambana nayo mjaho wochuka wa ku Italy wochedwa Mille Miglia. Anayenda makilomita pafupifupi 1,600 pa maola 10 ndi mphindi zosakwana 8, m'miseu wamba yodutsa m'midzi ndi m'mapiri. Pa liwiro lotero munthu wocoka ku Chipata akhoza kufika ku Lusaka maola anai asanakwane.

Cimwemwe sicinakhalitse. Pa 11 Juni 1955, pa mjaho wa Le Mans ku France, 300 SLR ina imene inali kuyendetsedwa ndi Pierre Levegh inagunda galimoto inzace, niuluka, nigwera pakati pa anthu openyerera, niyaka moto. Woyendetsayo anafa pamodzi ndi anthu oposa 80. Usiku womwewo Mercedes-Benz inacotsa magalimoto ace otsala pa mjahowo, ndipo pakutha pa caka inaleka mijaho kwa zaka zoposa 30.

Pa nthawi imeneyo mmisiri wamkulu wa magalimoto a mijaho, Rudolf Uhlenhaut, anali atakonza magalimoto awiri a 300 SLR okhala ndi denga, ndi zitseko zotsegukira kumwamba ngati mapiko a mbalame. Anawakonzera mijaho imene inali kudza, koma mijahoyo sanaione. Bambo Uhlenhaut anatenga imodzi namayendera pa nchito, ngakhale kuti inali yaphokoso loboola m'makutu ndiponso yokhoza kuthamanga makilomita 290 pa ola. Awiri okhawo ndiwo anapangidwa. Onse anakhala m'manja mwa kampani zaka 67, ndipo olemera a dziko lapansi anali atataya mtima kuti imodzi idzagulitsidwa. Tsiku limene inaikidwa pa malonda aliyense wa oitanidwa aja anadziwa kuti mwai wotere sudzabweranso iye ali moyo. Mtengo unakwera cifukwa ca ici.

Tsono ukalamba pa wokha sukweza mtengo wa galimoto. Ogula ayang'ana coyamba ngati mtunduwo ndi wosowa, kenaka afunsa mbiri ya galimoto yeniyeniyo: inathamanga mjaho uti, anaiyendetsa ndani, inapambana kodi? Nkhani ya Ferrari 250 GTO ya ku Italy ionetsa bwino zimenezi, ndipo ionetsanso kuti ngakhale eni ace a magalimoto otere kale sanali kudziwa cimene anali naco.

Magalimoto a 250 GTO anapangidwa 36 okha, pakati pa 1962 ndi 1964. Yatsopano inali kugulidwa pa madola 18,000 ku America, ndipo akuti Enzo Ferrari, mwini kampani, anali kuyamba wavomereza yekha munthu wofuna kugula. Patapita zaka zocepa kunabwera magalimoto ena aliwiro koposa, ndipo GTO inasanduka cinthu cotha nchito. Imodzi inaperekedwa kwaulere ku sukulu ina ya ku Texas kuti ana aziphunzirirapo umakanika. Pambuyo pace inagulidwa ndi munthu amene anaisiya pabwalo, pa udzu, mvula ndi dzuwa zili kuimenya, kwa zaka zoposa 10. Odutsa anali kuiona ngati mulu wa zitsulo. Koma mu 2014 GTO ina inagulidwa pa okushoni ndi madola 38 miliyoni, ndipo mu 2018 inanso inafika madola 48 miliyoni. Ija ya pa udzu inatoledwa m'zaka za m'ma 1980 nikonzedwanso.

Pamene ndalama zacuruka cotere, akathyali sasowa. Alipo amisiri okhoza kusula thupi la galimoto lofanana ndendende ndi lakale, naikamo injini ya mtundu womwewo, kotero kuti munthu wamba sangasiyanitse. Ndico cifukwa cace ogula sakhulupirira utoto wonyezimira. Afuna nambala yodindidwa pa chasisi ndi yodindidwa pa injini zigwirizane ndi zolembedwa m'mabuku a fakitale, ndiponso afuna makalata oonetsa eni ace onse kuyambira woyamba. Kampani ya Ferrari inafika potsegula cigawo cace cochedwa Ferrari Classiche, cimene nchito yace ndi kupima magalimoto akale ndi kupereka cikalata ca umboni. Codabwitsa n'cakuti galimoto yokhala ndi utoto wace woyamba, wosuluka, ndi mipando ya cikopa cong'aluka, kawirikawiri iposa mtengo inzace imene inapakidwa utoto watsopano. Cokonzedwa cikhoza kukonzedwanso, koma coyambirira cikacotsedwa sicibwerera.

Ena mwa ogula akonda magalimoto ndithu, nawatulutsa kukathamanga nawo pa zikondwerero. Koma ambiri aona galimoto yotere ngati nkhokwe yosungiramo cuma, monga mlimi asungira cuma cace m'khola. Kusiyana kwace n'kwakuti ng'ombe iswana, ilima, ipatsa mkaka ndi ndowe, pamene galimoto yosungidwa idya ndalama caka ndi caka: inshuwalansi, nyumba youma bwino, alonda ndi amakanika apadera. Phindu lace lonse lidalira kuti mawa padzapezeke munthu wina wolola kulipira koposa.

Munthu wotereyo nthawi zina sapezeka. Enzo Ferrari atamwalira mu Ogasiti 1988, mitengo ya magalimoto ace akale inakwera mwamisala. Anthu amene sanali kudziwa n'komwe pothirira oilo anakongola ndalama ku mabanki nagula magalimoto, poyembekeza kugulitsa patapita miyezi ingapo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 cuma cinagwedezeka, makamaka ku Japan kumene kunali ogula ambiri, ndipo ofuna kugulitsa anacuruka koposa ofuna kugula. Magalimoto ambiri anapita pa mtengo wosafika theka la umene anagulidwira, ngongole ya ku banki ili cikhalire. Panapita zaka zambiri mitengo isanabwerere pomwe inali. Onena za mitengo ya lero kawirikawiri aiwala kuchula zaka zimenezo.

Si magalimoto a ku Ulaya okha amene akwera mtengo, ndipo mbiri ya ena inalembedwa m'matope ndi m'pfumbi la Africa. Acikulire amene anali kumvera wailesi m'zaka za m'ma 1970 akumbukira mjaho wa Safari wa ku East Africa, umene unali kucitika pa nyengo ya Pasaka, mvula ili kugwa. Galimoto ya ku Japan ya Datsun 240Z inapambana mjahowo kawiri: mu 1971 poyendetsedwa ndi Edgar Herrmann, ndi mu 1973 poyendetsedwa ndi Shekhar Mehta. Itangoturuka inali yochipa, pafupifupi madola 3,500 ku America. Mu 2020, 240Z imodzi ya 1971, yosayenda kwambiri ndiponso yosasinthidwa kanthu, inagulidwa pa madola 310,000. Ogula magalimoto otere ambiri ndi aja anali anyamata pa nthawiyo, osirira opanda ndalama, amene tsopano ali ndi imvi ndi ndalama zomwe. Komabe 240Z inapangidwa yoposa 150,000, cotero zinzace wamba, zotopa ndi zosinthidwa masipeya, sizifika pafupi ndi mtengo umenewo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza pakhomo pamene pagona Peugeot 404 ya malemu agogo. Galimoto imeneyi mbiri ili nayo, pakuti inapambana Safari kanai, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo inanyamula odwala, thonje ndi akwati m'miseu imene ena anali kuiopa. Koma inapangidwa yoposa 2 miliyoni, ndipo ku Kenya anali kuilumikizabe kufikira 1991. Banja loyembekeza mamiliyoni pa 404 yodyeka ndi dzimbiri lidzadikira pacabe, ndipo munthu wobwera ndi lonjezo lakuti adzapeza wogula wa kunja, malinga ayambe wapatsidwa ndalama ya mapepala, ayenera kumcenjerera. Kumbali inanso, okonda magalimoto akale alipo m'mizinda ya kuno ndi ya maiko oyandikana nafe, ndipo galimoto yathunthu, ya injini yace yoyamba, ya nambala zooneka bwino ndi buku lace la umwini, ili ndi mtengo woposa umene apereka ogula zitsulo pa sikelo. Iwowa afika ndi nkhwangwa ndi moto wodulira, ndipo pofika madzulo nambala ya chasisi ili kale pa lole pamodzi ndi makasu othyoka.

Ndalama za galimoto ya ku Stuttgart ija kampani inati zikhala thumba lolipirira maphunziro a acinyamata ofufuza za cilengedwe ndi njira zocepetsera utsi woononga mpweya. Wogulayo anavomera kuti nthawi zina galimotoyo izionetsedwa kwa anthu. Inzace yaciwiri inatsala m'manja mwa Mercedes-Benz, pamodzi ndi ija anapambana nayo Stirling Moss ku Italy, imene ikali ndi nambala 722 yolembedwa ndi utoto wofiira, kusonyeza nthawi imene ananyamuka: mphindi 22 itapitirira 7 koloko m'mawa.