Ndalama za malonda a pa intaneti zimabwerera kwa wosunga masiku ndi umboni

Anthu ambiri ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani akumagula katundu monga makompyuta, mabuku, zovala ndi zipangizo za galimoto kudzera pa intaneti, ndipo amalipira ndi khadi ya kubanki, pa PayPal kapena pa lamya ya m'manja.

Koma katunduyo akapanda kufika, kapena akafika wosiyana ndi amene anaonetsedwa, wogula amene sadziwa ndondomeko yodandaulira amatha kutaya ndalama zake ngakhale kuti wolakwa si iyeyo.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi masiku, chifukwa kampani iliyonse inaika malire a nthawi yolandirira madandaulo, ndipo nthawiyo ikadutsa nkhani imatsekedwa.

Pa msika wa eBay, mwachitsanzo, wogula amakhala ndi masiku 30 kuchokera tsiku limene katundu anayenera kufika kuti anene kuti sanamulandire. Wogulitsa amapatsidwa masiku atatu a ntchito kuti ayankhe, ndipo akalephera, wogula amapempha kampaniyo kuti ilowererepo.

Ku PayPal, dandaulo la katundu wosafika liyenera kutsegulidwa pasanathe masiku 180 chilipirireni. Awiriwo akapanda kumvana, wogula ali ndi masiku 20 opemphera kampaniyo kuti igamule, apo ayi dandaulolo limafa lokha.

Pachifukwachi, wogulitsa wachinyengo amangolonjeza kuti katundu ali m'njira, cholinga chake n'chakuti masikuwa athe. Wina amapempha kuti ndalama zitumizidwe kunja kwa msikawo kapena ngati mphatso ya kwa mbale, podziwa kuti malipiro otere alibe chitetezo cha wogula.

Njira zimenezi zikakanika, amene analipira ndi khadi ya Visa kapena Mastercard angathe kupita ku banki imene inamupatsa khadiyo ndi kupempha kuti malipirowo abwezedwe. Bankiyo ndiyo imatengera nkhaniyi ku banki ya wogulitsa, ndipo kawirikawiri malire ake amakhala masiku 120.

Njira ya kubankiyi ndi yofunika kwambiri kwa Amalawi kaamba kakuti mabungwe a m'dziko muno alibe mphamvu zolamula kampani ya kunja, pomwe banki ya konkuno ili pansi pa malamulo a dziko lino. Komabe wogula sayenera kuyendetsa nkhani imodzi mbali ziwiri nthawi imodzi, popeza PayPal imatseka dandaulo lake ikadziwa kuti nkhaniyo yafika kubanki.

Madandaulo onsewa amagamulidwa potengera umboni. Lisiti, nambala ya malipiro, nambala yolondolera katundu, zithunzi za katundu amene wafika ndi makalata onse amene awiriwo analemberana ndi zimene zimaunikidwa, osati zimene anakambirana pakamwa.

Vuto lina ndi kutsekedwa kwa akaunti muli ndalama. Izi zimachitika kawirikawiri dzina la pa akaunti likasiyana ndi la pa chiphaso, kapena ndalama zikayamba kulowa ndi kutuluka mosiyana ndi kale. M'dziko muno, lamulo la Financial Crimes Act la chaka cha 2017 limakakamiza mabungwe a zachuma kudziwa bwino makasitomala awo, choncho njira yachidule ndi kupereka chiphaso cha unzika ndi zikalata zosonyeza gwero la ndalamazo. Kutsegula akaunti ina m'dzina la mbale kumangoonjezera chikaiko.

Pa malipiro a pa lamya monga Airtel Money, imene inayamba m'chaka cha 2012, ndi TNM Mpamba ya mu 2013, munthu amene watumiza ndalama ku nambala yolakwika ayenera kudziwitsa kampaniyo nthawi yomweyo, chifukwa wolandirayo akazitapa kumakhala kovuta kuzipeza. Uthenga wotsimikiza malipiro suyenera kufufutidwa, ndipo nambala yachinsinsi siperekedwa kwa aliyense, ngakhale woimba lamya atanena kuti akufuna kuthandiza kubweza ndalamazo.

Banki kapena kampani ya lamya ikapanda kuthetsa nkhaniyo, dandaulo lingathe kupita ku banki yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira mabungwe a zachuma pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010 komanso njira zolipirira pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016.

Ngati wogulitsa ndi wa m'dziko momwe muno, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, pomwe nkhani zooneka kuti ndi umbava zimapita kupolisi.

Kulikonse kumene wodandaula angapite, ayenera kusonyeza kuti anayamba wadandaula kwa wogulitsa kapena kampani yolipirira, komanso kukhala ndi nambala ya dandaulolo ndi tsiku limene analipereka.