Chiwongo Chojambulidwa pa Kapu ya Tiyi

Mlendo akadya nsima pa khomo la munthu ku Bolero, m'boma la Rumphi, sathokoza ndi "yewo" yekha ayi. Amatchulanso chiwongo cha mwini nyumba, kaya ndi a Gondwe, a Mhango kapena a Msiska, ndipo potero amalemekeza munthuyo pamodzi ndi makolo ake onse.

Angelezi olemera a m'zaka za m'ma 1700 analinso ndi mwambo wofananako, koma iwo mtundu wao ankachita kuujambula. Banja lomveka linkakhala ndi chizindikiro chooneka ngati chishango, chokhala ndi mikango, mbalame kapena nyenyezi, ndi mawu a Chilatini pansi pake. Bungwe la College of Arms la ku London, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1484, ndilo limaweruza woyenera kukhala nacho. Mwamuna akakwatira mkazi wa banja lachishango, zishango ziŵirizo zinkajambulidwa mogundizana, cha mwamuna ndi cha mkazi. Ichi n'chifukwa chake akatswiri a zinthu zakale amatha kudziŵa zaka za kapu pongofufuza chaka cha ukwatiwo.

Nanga n'chifukwa ninji anasankha makapu a tiyi? Masiku amenewo tiyi anali chakumwa cha anthu achuma, pakuti msonkho wake unafika pa 119 peresenti, mpaka lamulo la 1784 linautsitsa kufika pa 12.5. Mlendo akanyamula kapu, maso ake ankayamba agwa pa chishango asanalaŵe n'komwe tiyiyo.

Poyamba ziŵiya zimenezi zinkachokera ku China. Zinkaumbidwa ndi dongo loyera ku Jingdezhen, ndipo zambiri zinkapakidwa utoto ku Canton motsata chithunzi chimene banjalo latumiza pa sitima ya pamadzi. Eni ake ankadikira zaka ziŵiri, mwina zitatu. Ojambulawo sankadziŵa Chilatini, motero nthaŵi zina ankaphonya zilembo, ndipo cholakwacho chinkabwerezedwa pa mbale iliyonse. Kudandaula kunalibe phindu, China kunali kutali.

Pang'onopang'ono Angelezi anaphunzira luso. Fakitale ya ku Worcester inatsegulidwa mu 1751, ndipo m'zaka za m'ma 1790 banja la Spode linakonza bwino njira yosakaniza dongo ndi phulusa la mafupa a ng'ombe, ziŵiya zikumatuluka zoyera, zopyapyala koma zolimba. Mu 1802 Horatio Nelson, mtsogoleri wa nkhondo zapamadzi, anaitanitsa ziŵiya za chishango chake kwa Chamberlain ku Worcester. Pamene anaphedwa ku Trafalgar mu 1805, za chakudya cham'maŵa zokha ndizo zinali zitatha.

Tsono pali kusiyana. Chiwongo munthu amabadwa nacho, ndipo ndi cha abale onse, wolemera ndi wosauka yemwe. Chishango ndi cha munthu mmodzi ndi oloŵa m'malo mwake, ndipo wamalonda amene walemera dzulodzuloli ankatha kuchipempha, nalipira, n'kuyamba kumwetsa alendo ngati mwana wa m'banja lakalekale.

Komabe nako ku Nkhamanga malonda anabalapo ufumu. Mbiri ya akuluakulu imati chakumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1700 Mlowoka anaoloka nyanja kudzagula minyanga ya njovu, nagaŵira eni dziko nsalu, mikanda ndi makasu. Makasuwo, amene Atumbuka amati mayembe, akumvekabe m'dzina la Chikulamayembe.