Mlendo Akabwera Kudzapempha Malo M'dera Lanu

Nthaka ya ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, ndi ya kumapiri a Tsangano ndi yachonde, ndipo mvula imagwa bwino kuposa kumadera otentha a kumunsi kwa chigawo cha Tete. Chimanga, nyemba, fodya, mbatata ya kachewere ndi tirigu zimene mumakolola ndizo zimasunga mabanja anu. Nthaka yotere imakopa anthu ambiri. Tsiku lina kukhoza kufika munthu kapena nthumwi ya kampani, mapepala ali m'manja, kudzapempha malo olimapo, oweterapo ng'ombe, odzalapo mitengo kapena okumbapo miyala. Mutu uno ukufotokoza zimene lamulo likunena pa nkhani yotere, kuti tsikulo lidzakupezeni muli okonzeka.

Kodi malo ndi a yani?

Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique amanena kuti nthaka yonse ndi ya Boma. Siigulitsidwa, ndipo siiperekedwa ngati chikole cha ngongole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, umene pa Chipwitikizi umatchedwa mwachidule kuti DUAT.

Lamulo la Malo, nambala 19/97, la pa 1 Okutobala 1997, linatchula njira zitatu zopezera ufuluwu. Yoyamba ndi kukhala pamalo motsata miyambo ya makolo. Yachiwiri ndi ya nzika ya Mozambique imene yagwiritsa ntchito malo mopanda chinyengo kwa zaka zosachepera 10. Yachitatu ndi kupempha ku Boma polemba. Ambiri mwa inu muli ndi ufulu kudzera m'njira ziwiri zoyambazo. Mlendo amadutsa njira yachitatu.

Kodi wopanda chikalata ali ndi ufulu?

Inde. Lamulo limanena momveka kuti kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufulu wa munthu amene anapeza malo mwa mwambo kapena pokhalapo zaka 10. Pakabuka mkangano, umboni wapakamwa wa amuna ndi amayi a m'deralo ndi wovomerezeka. Ufulu wa mudzi, wa malo a nyumba yanu ndi wa munda wa banja ulibe tsiku lothera, ndipo ana aamuna ndi aakazi angathe kuulandira ngati cholowa mosasiyanitsa. Ufulu wa wochita malonda umakhala wa zaka zosapitirira 50, ngakhale kuti angapemphe kuti awonjezeredwe nthawi.

Dziwaninso kuti malo a mudzi si minda yolimidwa yokha. Lamulo limawerengeranso tsala, nkhalango, msipu wa ziweto, akasupe, malo a miyambo monga manda ndi dambwe, komanso malo amene ana anu adzalimepo akakula. Choncho munthu akaloza tchire n'kunena kuti palibe mwini chifukwa sipakuoneka mizere, musavomereze msanga. Tsala lili ndi mwini wake.

Msonkhano wofunsa anthu

Boma lisanapereke malo kwa wopempha, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa. Msonkhano umenewu pa Chipwitikizi ndi consulta comunitária. Cholinga chake ndi kutsimikiza ngati malowo alibe owagwiritsa ntchito, ndipo ngati alipo, kumva maganizo awo ndi kugwirizana za phindu limene adzapeze.

M'zaka zoyamba za lamuloli, misonkhano yambiri inkachitika mothamanga, tsiku limodzi, pamaso pa anthu owerengeka. Chifukwa cha ichi, mu 2011 Boma linatulutsa ndondomeko nambala 158/2011, imene inagawa ntchitoyi pawiri. Pa msonkhano woyamba, anthu amauzidwa za pempholo ndi kuonetsedwa malire a malo amene akufunidwa. Msonkhano wachiwiri umachitika pasanathe masiku 30, ndipo m'pamene anthu amapereka yankho. Masiku a pakatiwo ndi anu: mukhale pansi panokha, mlendo palibe, mukambirane. Ngati pali zina zosamveka, pemphani msonkhano wina.

Pa msonkhano payenera kupezeka mkulu wa boma kapena nthumwi yake, woimira ofesi yoyeza malo, a makhonsolo a m'midzi ndi a localidade, eni minda yoyandikana ndi malowo, wopemphayo, ndi inu eni dera. Mfumu ndi nyakwawa amatsogolera anthu awo, koma alibe mphamvu yopereka malo a mudzi paokha, kumbali. Ngakhale chilolezo chenicheni sichichokera kwa iwo. Lamulo la 1997 linati malo osapitirira mahekitala 1,000 amavomerezedwa kuchigawo, oyambira 1,000 kufika 10,000 amavomerezedwa ndi nduna, ndipo oposa pamenepo ndi bungwe la nduna zonse ku Maputo.

Mafunso oyenera kufunsa

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musachite manyazi ndi jekete kapena Chipwitikizi cha mlendo. Pemphani kuti zonse zimasuliridwe m'chinenero chanu. Funsani izi:

1. Kodi malowo ndi mahekitala angati, ndipo malire ake ali pati? Musadalire nambala ya papepala. Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Yendani malire onse ndi miyendo yanu pamodzi ndi woyeza malo.
2. Kodi akufuna kuchitapo chiyani, ndipo kwa zaka zingati?
3. Kodi m'katimo muli minda, madimba, manda, zitsime kapena njira za ndani?
4. Kodi mudzaloledwabe kutola nkhuni, kumweta udzu, kutunga madzi ndi kudutsa ndi ziweto?
5. Ngati walonjeza ntchito, mjigo, sukulu kapena mlatho, kodi ndi zingati, zidzayamba liti, ndipo adzalipira ndani?

Amayi alankhule nawo. M'midzi yambiri ya Achewa munda umatsata mbumba, ndipo amene amadziwa kumene kuli madzi m'chilimwe ndi kumene kumapezeka nkhuni ndi amayi. Msonkhano wa amuna okhaokha umaiwala zinthu zimenezi.

Zonse zilembedwe

Zokambirana zimalembedwa m'chikalata chotchedwa acta. Chimene sichinalembedwe m'menemo n'chovuta kuchilondola mawa. Mawu akuti "tidzathandiza mudzi" alibe mutu. Payenera kulembedwa chinthu chenicheni, chiwerengero chake ndi tsiku lake. Aliyense asanasaine kapena kudinda chala, munthu amene mumamukhulupirira awerenge chikalatacho mokweza pamaso pa onse. Musasaine pepala lopanda kanthu, ndiponso musalole kuti mndandanda wa mayina a anthu obwera ku msonkhano utengedwe ngati chivomerezo. Mudzi uli ndi ufulu wolandira kope la chikalatachi; lisungeni pouma, kutali ndi chiswe.

Pempho la malo limapachikidwanso poyera, ku likulu la boma ndi pamalo penipenipo, kwa masiku 30, kuti amene ali ndi dandaulo alipereke. Pempho likavomerezedwa, wopemphayo amayamba walandira chilolezo chongoyembekezera: zaka 5 ngati ndi nzika, zaka 2 ngati ndi wakunja. Akalephera kuchita zimene analemba m'dongosolo lake popanda chifukwa chomveka, Boma lingathe kumulanda malowo. Choncho mukaona malo amene munapereka angokhala tchire chaka ndi chaka, kanenereni ku boma.

Phunziro la ku Cateme

Pakati pa 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 a ku Moatize anasamutsidwa kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Oposa 700 mwa iwo anapita ku Cateme. Atafika kumeneko anadandaula kuti nthaka inali yosabereka, madzi anali ovuta, nyumba zinkang'aluka, ndipo minda imene analandira inali yochepa kuposa imene analonjezedwa. Mu Januwale 2012 anatseka njanji yodutsa sitima za malasha pofuna kuti amvedwe. Mu Ogasiti chaka chomwecho Boma linakhazikitsa lamulo nambala 31/2012, lonena kuti wosamutsidwa ayenera kukhala moyo wofanana kapena woposa umene anali nawo kale. Anzanu a ku Cateme anavutika poyamba, lamulo n'kubwera pambuyo. Inu muli ndi mwayi woona munda watsopano, kufukula dothi lake ndi kulawa madzi ake musanavomere kuchoka. Boma likafuna malo anu pa ntchito yothandiza anthu onse, monga msewu, lamulo limati chipukutamisozi choyenera chiperekedwe poyamba.

Musadikire mlendo

Chakudza sichiimba ng'oma. Njira yabwino yodzitetezera ndi kulembetsa malire a dera lanu kusanabwere aliyense. Ntchitoyi imatchedwa delimitação, ndipo ndondomeko yake inatuluka m'chaka cha 2000. Anthu amafotokoza mbiri ya dera lawo, amajambula mapu osonyeza mitsinje, mapiri, minda ndi manda, amagwirizana malire ndi midzi yoyandikana nayo, kenako zonse zimalembedwa m'kaundula wa Boma ndipo mudzi umalandira chikalata. Chikalatachi sichikupatsani ufulu watsopano, koma chimaonetsa poyera ufulu umene muli nawo kale, kuti wa mu ofesi ku Tete asaone dera lanu ngati lopanda anthu.

Mu Novembala 2022 Boma linavomereza mfundo zatsopano za malo, zimene zinasunga mfundo yakuti nthaka ndi ya Boma ndi yakuti ufulu wa anthu a m'midzi utetezedwe, ndipo zinatsegula njira yokonzanso lamulo la 1997. Nkhani ikakugwerani, funsani ngati pali zimene zasintha pa kayendetsedwe kake.

Kumene mungapite

Yambirani kwa mfumu ndi khonsolo ya dera lanu, kenako kwa mkulu wa posto ku Chidzolomondo, ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Tsangano. Nkhani ikakula, pitani ku ofesi ya SDAE ku Furancungo kapena ku likulu la Tsangano. Amene alibe ndalama zolipira loya angapemphe thandizo laulere ku bungwe la Boma la IPAJ. Popita kumeneko musapite nokha: tengani mboni, amuna ndi amayi, ndi mapepala onse amene muli nawo, ndipo dandaulo lanu mulipereke polemba, n'kusunga kope lodindidwa.