KALATA YOPATSA MPHAMVU: MAU KWA OMANGA NYUMBA KWATHU ALI KU JONI

Abale athu a m'migodi ndi a m'mapulazi, nkhani ya lero ndi ya nyumba zimene timanga kumudzi ife tiri kuno ku Johannesburg. M'masiku a Wenela, amene analeka kulemba anthu a kwathu m'caka ca 1974, ndi a TEBA amene anatsata kuyambira 1977 kufikira 1988, gawo la malipiro linkasungidwa, munthu nalilandira atabwerera kwao. Lero ndarama ticita kutumiza tokha, ndipo zifika ku Mzimba kapena ku Mangochi tsiku lomwelo. Koma diso lathu silipita nazo. Ndani adzaona ngati maziko akumbidwa bwino, ngati malata agulidwadi, ngati okhala m'nyumba alipira?

Pa cifukwa ici lamulo lilola munthu kulemba kalata imene m'Cingerezi aicha power of attorney. Ndi kalata iyi tipatsa munthu wina mphamvu yakucita m'dzina lathu: kuyendera nyumba, kupangana ndi amisiri, kulandira lendi, kusaina ku ofesi ya malo. Cimene iye asaina m'malire a kalatayo citimanga ife, monga ngati dzanja linali lathu.

Makalata awa ali a mitundu iwiri. Ina ipatsa mphamvu pa zinthu zonse. Ina ipatsa pa nchito imodzi yokha yochulidwa. Ife tilangiza yaciwiriyi. Lembani dzina la munthuyo ndi nambala ya citupa cace, malo pamene pali nyumba, nchito imene mwamtuma, ndi tsiku limene mphamvu idzatha. Ngati simufuna kuti nyumba igulitsidwe kapena ipinyolitsidwe, lembani comweco poyera. Munthu wopereka mphamvu ya zonse, cifukwa ca cibale cokha, angathe kufika kwao napeza mlendo ali pa khonde lace ndi mapepala onse okwanira. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Tsono kalata yolembedwa kuno iyenera kukhulupirika kwathu. Njira yace ndi iyi. Mupite kwa loya wochedwa notary, mutanyamula pasipoti, ndipo musaine pamaso pace. Pambuyo pace kalata ipite kwa Registrar wa High Court, amene aikapo cidindo cochedwa apostille. Cidindo ici cicokera ku pangano la maiko lolembedwa ku The Hague m'caka ca 1961. Malawi analowamo mu 1967, ndi South Africa mu 1995. Ngati nyumba iri pa malo olembedwa m'kaundula wa Boma, wotumidwayo akaonetse kalata ku ofesi ya malo asanacite kanthu. Ngati iri pa malo a mfumu, dziwitsani nyakwawa ndi eni mbumba, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

Cina cimene ambiri sacidziwa ndi ici: mphamvu iyi ifa pamodzi ndi mwini wace. Tsiku limene wolemba amwalira, wotumidwa alibenso ulamuliro wakukhudza njerwa ngakhale imodzi. Cuma ca masiye ciyenda ndi lamulo lace, limene ku Malawi linakonzedwa mu 2011. Ndiponso m'lamulo la South Africa mphamvu itha pamene wolembayo wadwala mutu kotero kuti sangathe kuweruza zinthu zace. Cotero kalata iyi siilowa m'malo mwa wilo. Amene afuna kuti mkazi ndi ana asabvutike alembe zonse ziwiri.

Ndipo mphamvu tingathe kuilanda tsiku liri lonse. Tilembe kalata yina yoithetsa, tiitumize kwa wotumidwayo, kwa banki, kwa okhala m'nyumba ndi ku ofesi ya malo; pakuti iye amene sanauzidwe adzapitiriza kukhulupirira kalata yoyamba, ndipo mlandu udzabwerera kwa ife.

Pomariza, sankhani munthu amene samakwiya pofunsidwa malisiti. Tumaninso mmisiri wina, wosadya nao ndaramazo, akaone khoma ndi denga musanatumize zina. Ndipo musasaine pepala limene simunawerenge. Ngati Cingerezi cibvuta, pemphani wina akumasulireni mau onse. Safunsa anadya phula.