Katswiri Ali Kutali, Wodwala Ali Pagombe

M'mapemphero athu a tsiku la Mulungu tidazolowera kutchula odwala malungo, chifuwa chachikulu ndi edzi, ndipo mpingo umayankha Amen mosachita manyazi. Koma mwana akamagwa khunyu, kapena mnyamata akayamba kulankhula yekha ndi kuyendayenda usiku, banja limabwera kwa mbusa kukada, kudzanong'ona pakhonde. Nkhani ya odwala amenewa ndiyo tifuna tikambirane m'kalata ino, makamaka mmene ikukhudzira ife a m'boma la Lago, kuyambira ku Meluluca, kudzera ku Metangula ndi Messumba, mpaka ku Cobue ndi midzi ya kumpoto kwake.

Khunyu ndi nthenda yoopsa kulikonse, koma kuno kugombe kuopsa kwake n'kowirikiza. Moyo wathu uli pakati pa madzi ndi moto. Abambo amakhala m'bwato usiku wonse kusaka usipa, amayi amatsuka mbale ndi kuchapa m'nyanja, ana amasamba momwemo, ndipo nsima ya kondowole imaphikidwa pa mafuwa, pamoto wa pansi. Munthu amene akanangogwa pabwalo n'kudzuka patapita mphindi zochepa, akagwera m'madzi ofika m'mawondo amamira. Akagwera pamoto amadzuka ndi mabala amene amapinda zala ndi chigongono kwa moyo wake wonse. Ena mwa olumala manja m'midzi yathu adalumala motero, ngakhale kuti chiyambi chake sichitchulidwa.

Nanga boma lidakonza zotani? Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri a Chipwitikizi adachoka, ndipo nkhondo imene idatha mu 1992 idagwetsa zipatala zambiri za m'midzi. Zipatala zikuluzikulu za matenda a maganizo n'ziwiri zokha m'dziko lonse: cha Infulene ku Maputo ndi china ku Nampula. Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Nampula ndi ulendo wa makilomita opitirira 600, ndipo musanauyambe muyenera kuyenda makilomita ena opitirira 100 kuchokera ku Metangula kukwera mapiri mpaka ku Lichinga. Cha m'ma 2014, madokotala odziwa kwambiri za matenda a maganizo sanali kufika 20 m'dziko la anthu oposa 25 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anali ku Maputo. Aliyense angathe kuwerengera yekha kuti msodzi wa ku Ngofi akanadikira zaka zingati kuti dokotala wotere amuone.

Apa ndi pamene uphungu wa akatswiri udathandiza. A Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi alangizi ochokera kunja, adaona kuti kuyembekeza madokotala okwanira kunali ngati kuyembekeza mvula mu Ogasiti. Choncho adaganiza zophunzitsa gulu lina la antchito, amene m'Chipwitikizi amatchedwa técnicos de psiquiatria. Awa si madokotala, koma amaphunzira zaka ziwiri ndi theka za matenda a maganizo ndi a ubongo, ndipo amaloledwa kuyeza wodwala ndi kumulembera mankhwala. Gulu loyamba lidamaliza maphunziro mu 1996. Mu 2010 analipo 66, ndipo pofika mu 2014 adafika 241. M'zaka zomwezo, maboma okhala ndi thandizo la matenda a maganizo adachoka pa 60 kufika pa 135. Imeneyi si ntchito yaing'ono kwa dziko losauka, ndipo m'pofunika kuiyamikira poyera.

Ife amene tidawerenga Eksodo 18 nzeru imeneyi sitiyiona yachilendo. Yetero anali mlendo m'chigono cha Aisraeli, koma adayamba wakhala pansi tsiku lathunthu kuonerera mmene Mose anali kuweruzira anthu yekhayekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Atatero m'pamene adalangiza mkamwini wake kuti agawe ntchito: milandu yaing'ono aisiyire anthu okhulupirika, yovuta yokha ndiyo ifike kwa iye. Tionepo ziwiri: mlangizi adayamba waona ndi maso ake, ndipo uphungu wake udali woti anthu a komweko angathe kuuchita iye atabwerera kwawo. Ndi muyeso umenewu tiyenera kuyeza uphungu uliwonse wobwera kwa ife.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, lidatenga njira yomweyo. Mu 2008 lidayambitsa ndondomeko yotchedwa mhGAP, ndipo mu 2010 lidatulutsa buku lotsogolera anamwino ndi antchito a m'zipatala zing'onozing'ono kuzindikira ndi kuchiza khunyu, kukhumudwa kwakukulu, misala ndi uchidakwa popanda kudikira katswiri. Pambuyo pake WHO idasankha maiko anayi oti ayesemo njira imeneyi pa khunyu: Ghana, Mozambique, Myanmar ndi Viet Nam. Kwathu kuno ntchitoyo idachitika kuyambira mu 2014 mpaka 2018 m'maboma 16 a zigawo zisanu, ndipo Niassa chidali chimodzi mwa zigawozo. M'dziko lathu lino odwala khunyu amaonedwa ku mbali ya matenda a maganizo, motero musadabwe kapena kukhumudwa akakulozerani khomo limenelo. Sakutanthauza kuti mwana wanu ndi wamisala.

Zimene akatswiri apeza pa nthendayi n'zoyenera kuzidziwa Mkhristu aliyense. Anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lapansi ali ndi khunyu. Mwa anthu khumi aliwonse odwala, okwana asanu ndi awiri angathe kuleka kugwa ngati alandira mankhwala oyenera ndi kumwa mosadumphitsa. Koma m'maiko osauka, atatu mwa anayi aliwonse salandira thandizo. Limodzi mwa magwero ake ndi ubongo wovulala: malungo a muubongo ali mwana, kubadwa movutikira, kumenyetsa mutu, matenda oumitsa khosi, ngakhale mazira a njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba. Nthendayi sipatsirana. Thovu lotuluka m'kamwa mwa wodwala lilibe choopsa kwa womugwira, ndipo kudya naye mbale imodzi sikudwalitsa munthu. Mankhwala monga phenobarbital ndi carbamazepine ndi akalekale ndipo ndi otsika mtengo.

Tsopano tinene mbali imene ikutivutitsa mtima. Pa mapu a ku Maputo, boma likangokhala ndi wantchito mmodzi wa matenda a maganizo limaoneka ngati lathandizidwa lonse. Koma Lago si kadontho pa mapu. Ndi gombe lalitali, lotchingidwa ndi mapiri, lokhala ndi midzi ina yofikika pansi kapena pa bwato pokha. Mphepo ya mwera ikawomba, bwato limakhala pamchenga masiku angapo. Mvula ikagwa, msewu wa ku Cobue umavuta. Anthu ambiri a kumeneko amaona kuti n'kwapafupi kuwolokera ku chipatala cha St Peter's pa Likoma, m'dziko la Malawi, kusiyana ndi kupita ku likulu la boma lawo. Ndipo vuto la khunyu n'lakuti silitha ndi ulendo umodzi. Malungo munthu amamwa mankhwala masiku atatu n'kuchira. Wakhunyu ayenera kumwa tsiku lililonse kwa zaka, ndipo akaleka mwadzidzidzi angathe kugwa moopsa kuposa poyamba. Mayi amene watenga mankhwala a mwezi umodzi, n'kulephera kubwereranso chifukwa cha mwera kapena kusowa ndalama ya ulendo, amaona mwana akugwanso, ndipo achibale amamuuza kuti mankhwala achizungu alephera. Ulendo wotsatira umakhala wa kwa sing'anga, mbuzi ili pachingwe. Uphungu wosawerengera bwato ndi mwera ndi wosakwanira, ngakhale utalembedwa ndi anthu ophunzira chotani.

Mpata umene watsalawo, pakati pa chipatala ndi khomo la wodwala, ungatsekedwe ndi anthu okhala m'mudzi momwemo. Boma lili ndi azaumoyo a m'midzi, amene ndondomeko yawo idatsitsimutsidwa mu 2010 pa dzina la APE. Abale athu a mpingo wa Anglican, amene mizu yawo pa gombe lino ndi yakale kuyambira nthawi ya mishoni ya Messumba, adaonetsa m'zaka za m'ma 2000 kuti n'zotheka: kudera la Cobue adaphunzitsa anthu ongodzipereka a m'midzi kuthandiza odwala kumene kunalibe chipatala. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ku Mbare, mu mzinda wa Harare, ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kumvetsera anthu olemedwa ndi maganizo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti ocheza ndi agogowo adapepukidwa kuposa olandira thandizo la masiku onse. Agogo oterewa m'mipingo yathu ndi ambiri, ndipo mabenchi sitisowa.

Funso limene akulu a mpingo amatifunsa kawirikawiri ndi ili: kodi nthendayi si ya mizimu yoipa, monga ya mnyamata wa pa Marko 9 amene ankagwera pamoto ndi m'madzi? Sitikana zimene Malemba anena za mnyamata ameneyo, ndipo sitidzaleka kupempherera odwala. Koma Malemba sanatilamule kuti aliyense wogwa timutche wogwidwa ndi chiwanda. Mwana amene ubongo wake udavulala ndi malungo ali ndi bala, ngakhale kuti balalo silioneka, ndipo munthu wothyoka mwendo timamupempherera kwinaku tikumunyamula kupita kuchipatala. Pa ichi tinenetsa monga abusa: mlaliki aliyense, wa kwathu kapena wodutsa, amene auza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, akuika moyo wa munthuyo pachiswe, ndipo akulu a mpingo am'letse. Chimodzimodzi kumanga wodwala misala ndi unyolo pamtengo kwa masiku kapena kum'sala chakudya kuti chiwanda chituluke. Wodwala akavuta, afunika amuna angapo odekha om'perekeza kuchipatala, kumene kuli mankhwala om'khazika mtima pansi.

Munthu akagwa khunyu m'tchalitchi kapena pagombe, chofunika kuchita n'chochepa. Chotsani moto, miyala ndi zonse zimene zingamuvulaze, muikeni kanthu kofewa kunsi kwa mutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke. Musam'panikize, musaike supuni kapena chala m'kamwa, musam'mwetse kanthu asanatsitsimuke. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwerezabwereza iye osatsitsimuka, thamangirani naye kuchipatala. Asasambe m'nyanja yekha, asalowe m'bwato kufikira achipatala atalola, ndipo wina akhale pafupi akamaphika. Mayi wakhunyu amene ali woyembekezera, kapena afuna kutero, auze achipatala msanga, koma asaleke mankhwala mwa iye yekha. Mwana wakhunyu apite kusukulu. Nzeru zake nthawi zambiri n'zofanana ndi za anzake, ndipo chimene chimam'bweza m'mbuyo ndi kum'sunga pakhomo.

Pa za olumala onse, malamulo ali kumbali yawo. Bungwe la United Nations lidakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu olumala mu 2006, ndipo Mozambique idalivomereza mu 2012. Pali nthambi ya boma ya INAS imene imapereka thandizo la ndalama kwa mabanja osauka, kuphatikizapo a anthu olumala osatha kugwira ntchito. Koma thandizo limatsata dzina lolembedwa, ndipo mwana wobisidwa kuseri kwa nyumba sali m'kaundula wa wina aliyense. Alangizi akabwera kudzawerenga, amawerenga amene awaona. Mapulani a zaka zikubwerazo, pamodzi ndi kuchuluka kwa mankhwala otumizidwa ku chipatala chathu, amamangidwa pa chiwerengero chimenecho.

Tsono tikupempha bwalo la akulu pa mpingo uliwonse kuti lichite zinthu zooneka. Madikoni ndi amayi oyendera odwala adziwe, mwa chilolezo cha mabanja ndi mosunga chinsinsi, makomo amene muli wakhunyu, wodwala maganizo kapena wolumala. Pakhale munthu mmodzi wokumbutsa tsiku lokatenga mankhwala asanathe, ndipo m'thumba la zachifundo mupatulidwe kangachepe ka ulendo wa pa bwato kapena pa galimoto. Ngati odwala a mudzi umodzi ali angapo, kambiranani ndi achipatala ngati n'kotheka kuti tsiku lawo likhale limodzi, kapena kuti apatsidwe mankhwala okwanira nyengo ya mwera isanayambe. Ndipo alendo a mabungwe akadzafika ndi makope awo kudzafunsa za umoyo wa m'mudzi, musawasiye ndi amfumu ndi abusa okha. Itanani mayi wa mwana wodwalayo akhale pamphasa yomweyo, awauze yekha kuti ulendo wokatenga mankhwala umam'tengera masiku angati, ndalama zingati, ndiponso kuti kangati adafika n'kupeza mankhwalawo atatha.